Chikwama cha Amake Tereza

Zaka zonse zimene ndinakhala ku Joni, kunyumba ankadziwa kuti ndimasoka nsapato. Linali bodza. Ndinkasoka zikwama za akazi olemera, ndipo chikopa chake chinali cha ng'ona.

Wina anganene kuti chikopa ndi chikopa basi. Ameneyo si wa ku Chia.

Ine kwathu ndi ku Bua, koma ndinakwatira ku Chia, chikamwini. Nyumba ndinamanga ndi manja angawa, koma malo ndi a eni ake. Munda wa chinangwa ndi wawo. Ana ndi a mbumba yawo. Mkamwini akalakwa amamupindira mphasa yake n'kumulozera msewu. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira tsiku loyamba.

Tisanathe chaka m'banja, ng'ona inagwira mlamu wanga Isaki, mlongo wake wa mkazi wanga. Anapita m'mawa kukaona mono. Tinangopeza bwato ndi chipewa. Patapita masiku anayi a gemu anaiwombera ng'onayo, ndipo mudzi wonse unasonkhana poitumbula. Anthu sankafuna nyama. Ankafuna kuona ndulu. Amati kadontho ka ndulu ya ng'ona kakagwera m'chikho, wakumwayo safika pakhomo pake. N'chifukwa chake saichotsa mseri. Amaichotsa aliyense akuona, n'kuimangirira ku mwala, amuna atatu a mabanja osiyana n'kukaimiza pakuya. Munthu amene wagwira ng'ona payekha, popanda mboni, pakhomo pake anthu samwaponso madzi.

Apongozi anga aakazi, amake Isaki, sanapite kukaona. Anakhala m'nyumba mwezi wathunthu.

Ndinachoka matipate atangoyamba. Nsomba zinali zitachepa, feteleza atakwera. Ndege zopita ku migodi zinali zitasiya kale, koma nkhondo ya ku Mozambiki inali itatha, ndipo anthu ankadutsa pa Tete pa basi. Amene anandikopa ndi Yusufu wa pa Benga, mnzanga wa ku pulayimale, munthu wolongolola ngati wailesi. Iye anali atapitako kale kamodzi.

Mkazi wanga, amake Tereza, anandiperekeza mpaka pamsewu, Tereza ali kumsana, wina ali m'mimba. Sanalire. Anandipatsa mpunga wophika ndi nsomba zowamba, n'kubwerera basi isanafike.

Ku Joni tinkagona amuna asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi, kuseri kwa galaja ya mmwenye wina. Tonse a ku Malawi. Nyengo yozizira madzi ankauma m'ndowa ngati mwala. Mapepala tinalibe. M'minibasi tinkakhala chete, chifukwa ukangoyankhula akudziwa kuti ndiwe mlendo, ndipo apolisi sakhala patali. Wina akadwala tinkamuphikira phala mosinthana. Wina akagwidwa, otsala tinkamanga katundu wake kuti amutsatire kumudzi. Ubale wake unali umenewo.

Tsiku limene Yusufu anandilowetsa m'fakitale, ndinaona zikopa zili ndandanda pa mitengo. Zakuda, zofiirira, zina zobiriwira. Mamba ake ndinawazindikira ndili pakhomo. Ndinatembenuka.

Yusufu anandigwira malaya. "Mukupita kuti, achimwene?"

"Iwe, sunandiuze."

"Ndikanakuuzani mukanabwera? Wallahi, izi zilibe mano. Amaziweta m'mafamu ngati nkhuku. Kuno kumangofika chikopa, chofufuta kale. Nyama kulibe, ndulu kulibe."

"Ukawauze zimenezo a ku Chia."

"Ndiye tisawauze. Tiziti nsapato."

Ndalama yobwerera ndinalibe. Ndinalowa.

Mwini fakitale anali mzungu wamkazi, wachikulire, wamfupi, woonda, tsitsi loyera lometa ngati la mwamuna. Sizasi ankaivala m'khosi pa chingwe. Amati ali mtsikana ankajambula masitayelo a madiresi a akazi otchuka kutsidya kwa nyanja, kenaka anatopa nawo n'kuyamba zikwama. Chikwama chilichonse chinkatuluka ndi dzina lake pa kaloko ka mkuwa. Ife a ku Malawi dzinalo linkatikanika, ndiye tinamutcha Nangondo.

Anayang'ana manja anga, osati nkhope. Anafunsa ntchito yanga ya kumudzi. Yusufu anamasulira kuti ndimasoka maukonde. Anandipatsa singano ziwiri, ulusi wopaka phula ndi zidutswa za chikopa cha ng'ombe. Miyezi isanu ndinkangosoka zidutswa. Iye akabwera ankang'amba, ine n'kuyambanso.

Malamulo ake sanali ambiri. Chikwama chimodzi, munthu mmodzi, kuyambira kudula mpaka kumaliza. Mamba a pamimba akhale pakati penipeni, kumanja ndi kumanzere kufanane. Mkati, mmene saona munthu, mukhale mosalala ngati kunja. Ndipo guluu ayi. Ngakhale kadontho.

Chikwama chikatha ankachitenga, n'kutsinzina, n'kulowetsamo dzanja. Kenaka mphuno. Tsiku lina mnzathu wa ku Maputo anamata kakona kamodzi kamene kankamuvuta. Nangondo ananunkhiza kamodzi kokha. Anatenga sizasi ija n'kuchidula chikwamacho pakati, ife tonse tikuona. Ntchito ya milungu itatu.

"Guluu amagwira lero," anatero. "Pakatha zaka khumi amasiya, ndipo sakuuza. Ulusi ukaduka umaoneka, munthu n'kusokanso."

Mnzathuyo sanamuchotse ntchito. Anamupatsa chikopa china.

Apolisi anabwerako ku fakitale kamodzi, masana, kudzafuna alendo. Mlonda anaimba likhweru. Pothawira panalibe. Nangondo anatilozera pansi pa tebulo lalikulu lodulirapo, n'kutifunditsa zikopa. Ndinagona chafufumimba, ng'ona zisanu zili pamsana panga, mchira wa ina uli pakamwa. Ndinkamva nsapato zikuzungulira. Ndinkamvanso mayiyo akukalipira wapolisi kuti achotse dzanja lake lakuda pa katundu amene sangathe kulipira. Atapita anatifundukula, n'kutiuza kuti tawononga nthawi, tibwerere pa mabenchi. Yusufu anatuluka akuseka. Ine ndinakasanza kuseri.

Ntchitoyo ndinaizolowera, koma fungo lake ayi. Ndisanalembe kalata ya kumudzi ndinkasamba m'manja kawiri, kuopa kuti pepala linganunkhe.

Nangondo anali ndi mwambo wake winanso. Mmisiri akagwira zaka zambiri n'kufuna kubwerera kwawo, chikwama chake chomaliza sichinkagulitsidwa. Ankadindamo dzina la mkazi wake mkati, n'kumupatsa apite nacho. Ankati n'zamanyazi kuti mkazi wa mmisiri azinyamula zinthu m'jumbo. Anzanga ankaliyembekezera tsiku limenelo. Ine ndinkaliopa.

Chizungu nditayamba kuchimva, tsiku lina Nangondo anaima pa benchi langa n'kufunsa, "Mkazi wako amakonda mtundu wanji?"

"Mkazi wanga sangachigwire chimenechi, madamu."

"Chifukwa?"

Ndinamuuza za Isaki. Za ndulu sindinamuuze, akanaseka. Anasisita chikopa ndi chala.

"Ndiye umamuuza kuti umasoka chiyani?"

"Nsapato."

"Nsapato!" Anakuwa mpaka anthu anatembenuka. "Ine moyo wanga wonse ndili pa ntchito imeneyi, iwe ukuti nsapato?"

Sanandiyankhule mlungu wonse. Kenaka anayamba kundipatsa zikopa zovuta, zimene sankapatsa wina.

Kumudzi ndinkatumiza kudzera mwa oyendetsa mathiraki. Malata anakwera pa denga. Njinga inagulidwa. M'kalata ina amake Tereza anafunsa kuti, "Nanga osoka nsapato inu, ana anu ayenda pansi mpaka liti?" Ndinapita ku sitolo, ndinagula nsapato, ndinachotsa kapepala ka mtengo, n'kutumiza.

Nangondo anamwalira nyengo yozizira. Anadwala chifuwa milungu iwiri basi. Fakitale inagulidwa ndi kampani ya kunja, ndipo anabweretsa bwana wa tayi. Tinkaganiza kuti zonse zisintha. Ayi. Chithunzi cha Nangondo anachikhoma pakhoma, chachikulu ngati chitseko. Dzina pa kaloko linakhala lomwelo. Anabwera ojambula atsopano ochokera ku sukulu, n'kujambula zawo: zazitali, zozungulira, za maunyolo. Zinangokhala m'mashelefu. Ogula ankafuna zija za mayi uja. Tinabwerera ku mapatani ake a katoni, othimbirira, olembedwa ndi dzanja lake. Munthu ali m'manda, koma mpeni wanga unkayendabe mmene iye analozera.

Bwana wa tayi anasintha chimodzi chokha. Anati tikuchedwa. Zogwirira za zikwama anazichotsa m'manja mwathu, n'kuzipereka ku kachipinda ka kuseri. Kumeneko kunkalamulira MaDube, mayi wachikulire wa Chizulu amene anayamba ndi Nangondo fakitale isanakule. Ife alendo sankatiyankhula. Tinaona zitini za guluu zikulowa m'kachipindako, guluu wakuda amene akauma amanyezimira. Zogwirira zinkatipeza zitatha kale, zotseka mbali zonse. Zimene zinali mkati palibe ankadziwa.

Yusufu anagwidwa pa siteshoni, Loweruka masana, akupita kukagula nyama. Anamukweza galimoto ya mawaya n'kumubweza kumudzi ndi malaya a m'thupi okha. Tinamutumizira katundu wake. Chipinda chinazizira popanda pakamwa pake.

Chaka chotsatira maso anga anayamba kuchita nkhungu. Kalata inabweranso: "Mwana amene munasiya m'mimba wayamba sukulu. Akufunsa ngati bambo ake ndi munthu kapena ndi chithunzi." Ndinauza bwana wa tayi kuti ndikupita.

Mwambo uja sanauthetse. Unkawathandiza, chifukwa ankamujambula mmisiri ali ndi chikwama chake n'kuika m'magazini. Ndinasankha chikopa chofiirira ngati madzi a Bua nthawi ya dzinja. Ndinasoka milungu itatu. Chogwirira chinachokera kuseri. Mkati anadindamo dzina la mkazi wanga, Elina, dzina limene ine sinditchula.

Kugulitsa sikukanatheka. Munthu wakuda wopanda mapepala, ali ndi chikwama chotero m'manja, ndi wakuba basi. Pa mlatho wa Tete basi inkayenda pang'onopang'ono, zenera lili lotsegula, madzi ali pansi. Ndinali nacho pamiyendo, chokulunga m'thawulo. Ndinafuna kuchiponya m'madzi, koma dzanja linakana. Pa zikwama zonse zimene ndinasoka, chimenechi chokha ndi chimene chinalibe pokhota.

Ndinafika masana. Nyumba ndinaizindikira ndi malata. Anthu sindinawazindikire. Ana anagwada patali ngati kwa mlendo. Amake Tereza anandilandira sutikesi maso ali kumbali. Amalume ake, a Kachere, amene ndi eni mbumba, ndinawasiya akuwedza ndi mbedza. Tsopano anali tcheyamani wa chipani, atavala malaya a nsalu ya chipanicho, mapepala ali m'khwapa. Anandipatsa moni manja ali kumbuyo.

M'mawa mwake anthu anabwera kudzaona mtchona. Ndinatulutsa masamba a tiyi ndi shuga wa ku Joni. Ndinathira ndekha. Makapu anazungulira. Ndinaona anthu akungowagwira, tiyi akuzizira. Mayi wina anathira wake pansi mwakabisira, n'kukwirira ndi phazi. Amene anamwa ndi a Gomani okha, asuweni a mkazi wanga, munthu wosakana chaulere. Anamwa makapu atatu.

Patapita masiku awiri a Gomani anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Anawanyamula pa machila mpaka pamsewu, n'kupita nawo ku chipatala cha ku boma.

Ndinapalasa njinga mpaka pa Benga. Yusufu ndinamupeza m'tiyirumu, akusimba za ku Joni. Atandiona nkhani inamuthera pakamwa.

"Wawauza chiyani anthu?" ndinamufunsa.

"Salamu kaye, achimwene."

"Wawauza chiyani?"

"Palibe. Ndinkangokometsa nkhani. Ndinati ife kumene kuja tinkasenda ng'ona khumi pa tsiku, ndipo inu ndiye katswiri wa mpeni."

"Unaionapo ng'ona yamoyo ku Joni iwe?"

"Nanga nkhani ikome bwanji?" Anaseka yekha, kenaka anasiya. "Kodi zavuta?"

"A Gomani ali ku boma. Anamwa tiyi wanga."

Anavula kofia n'kuipinda m'manja.

"Ubwere udzanene zoona," ndinatero.

"Ndibwera, wallahi."

Nditabwerera ndinapeza amake Tereza kuseri kwa nyumba, pa thandala loyanikapo chinangwa. Thawulo lija linali pansi, chikwama chili pamwamba pake. Anali atachipeza pansi pa sutikesi. Pambali panali mtengo umene anafunyululira.

"Nsapato zake ndi zimenezi?"

Ndisanayankhe anapitiriza.

"Chaka chathunthu anthu akundiloza pa mjigo. Ine kumawatukwana, kumati mwamuna wanga amasoka nsapato, taonani ana anga avala. Ndayambana ndi mudzi wonse chifukwa cha inu."

"Ndulu ndilibe, amake Tereza."

"Sindinafunse za ndulu."

Anatola lichero lake n'kulowa m'nyumba. Iye yemweyo ndi amene anakauza amalume ake za chikwamacho. Sindimuimba mlandu. Chikanapezeka ndi ena, akanati tinabisa limodzi.

A Kachere anaitanitsa bwalo la pabanja m'mawa mwake, pansi pa mango wa apongozi. Anthu anadzaza kuposa a pabanja. Amuna ena anabwera ndi zibonga n'kuima kumbuyo. Apongozi anakhala pakhonde, atafulatira. Uthenga wa ku boma unali wakuti a Gomani ali pa diripi, sakuyankhula.

"Masiku ano ndi a demokalase," anayamba a Kachere. "Kukanakhala kale, mkamwini wotere bwenzi pano ali pa Salima. Koma ife sitithamangitsa munthu tisanamumve. Zonse poyera. Akamwini, munkagwira ntchito yanji ku Joni?"

Ndinanena zonse. Mafamu, zikopa zofufuta, Nangondo.

Yusufu anaimirira n'kulumbira kuti za kusenda ng'ona zija ananama. Wina anakuwa kuti, "Nanga tidziwa bwanji kuti lero sukunama?" Anthu anaseka, kuseka kouma. Yusufu anakhala pansi.

Anakhuthula sutikesi yanga. Anatembenuza matumba a mathalauza. Anatsegula wailesi kumbuyo. Palibe. Chinatsala chikwama, chili pa mphasa pakati pa bwalo, dzuwa likuwala pa mamba ake.

"Mkatimu mulibe kanthu," anatero a Kachere, atasuzumira patali.

"Wasokera m'chikopa momwemo!" anakuwa mmodzi wa a zibonga. "Munthu wodziwa singano angaike poonekera?"

A Kachere anandiyang'ana. "Mwamva, akamwini. Mukapezeka kanthu, muchoka lero, ana musiya. Ndipo anthu awo ine sindingawagwire onse. Mukakana kutsegula, ndi chimodzimodzi."

"Ndipatseni lumo," ndinatero.

Anasankha amuna atatu a mabanja osiyana kuti akhale pafupi. Ndinayamba pansi. Ulusi wopaka phula suduka msanga. Ndinkadula umodziumodzi kuti chikopa chisang'ambike. Ndinachotsa cha mkati. Ndinachotsa matumba. Chidutswa chilichonse ndinkachitembenuza n'kuchiika pa mphasa. Amuna aja ankawerama, kuyang'ana, kununkhiza. Kuseri kwa zidutswazo kunali koyera, kouma, kopanda banga. Pamenepo mtima unali m'malo. Ntchitoyo inali yanga, ndinkaidziwa.

Chinatsala chogwirira.

Ndinachikankhira pambali ngati chosafunika. Mmodzi wa amuna aja anachiloza ndi chibwano. "Icho. Chonenepacho."

Ndinakumbukira zitini zija. Ndulu youma ine sindinaionepo, iwonso ambiri sanaionepo, koma aliyense amadziwa mmene amaifotokozera: yakuda, yolimba, yonyezimira. Ndikanati ndi guluu wa ku fakitale, ndani akanamva? Ndinayang'ana njira ya kumsewu. A zibonga anali ataima komweko.

"Ichi sindinasoke ndine," ndinatero.

Bwalo linasokonekera. "Wayamba!" "Akudziwa!"

"Tsegulani," anatero a Kachere. Mawu awo sanalinso a pamsonkhano.

Lumo linaterereka n'kundicheka chala. Magazi anadontha pa mphasa. Ndinapukuta pa thalauza n'kuyambanso. Ulusi wa MaDube unali wothina kuposa wanga. Chikopa cha kunja chitatseguka, ndinatsinzina kaye.

Mkati munali kachikopa ka ng'ombe, kopyapyala, kokulunga mothina ngati ndudu, komanga ndi ulusi woyera. Ndinakatambasula mpaka kumapeto. Kouma. Koyera. Guluu munalibe.

Mayi amene sanandipatsepo moni zaka zonse zija anali akusokabe mmene Nangondo anamuphunzitsira, bwana wa tayi osadziwa. Zitini zija ankapita nazo kuti, mpaka lero sindidziwa.

Amuna atatu aja anadzuka akusansa maondo. "Mulibe."

A Kachere anatsokomola, n'kunena zambiri za ufulu ndi chilungamo. Pamapeto pake anati mkamwini akhale. A zibonga anachoka mmodzimmodzi, ngati anthu amene apeza mowa utatha.

Apo ndi pamene amake Tereza anaimirira. Sanagwade. Anafika pa mphasa n'kutola kachikopa kamene kanali ndi zilembo. Ndi manja.

"Amalume, tawerengani apa."

A Kachere anakaika patali ndi maso. "Elina."

"Elina ndi ndani?"

"Ndiwe."

"Ndiye chikwamachi ndi changa. Mwakhala pano kuyambira m'mawa, mwachiphwasula, palibe ndi mmodzi yemwe wandipempha." Anatembenukira kwa ine. "Inu, musoke. Chibwerere mmene chinalili. Mpaka chithe, muzigona ku khitchini."

Ndinasoka pakhonde, masana, aliyense wodutsa akuona. Ulusi wa ku Joni ndinalibe. Ndinatenga wa ukonde n'kuupaka phula la njuchi, n'kumalowetsa singano m'mabowo akale omwe aja. Maso ankavuta. Zinanditengera mwezi ndi theka. Pakati pamenepo a Gomani anatuluka m'chipatala, owonda ngati bango. Adokotala anati ndi madzi a pachitsime cha kudambo, pakuti anadwalanso ena amene tiyi wanga sanamuone n'komwe. A Gomani anabwera kudzandiona, n'kufunsa ngati shuga uja watsalako.

Pali anthu mpaka lero amene samwa madzi pakhomo panga. Sindiwakakamiza.

Lamulungu loyamba chikwama chitatha, amake Tereza anachikoleka pa mkono n'kuuyamba wa ku tchalitchi. Ine ndinkatsatira patali. Akazi anzake ankamupatukira m'njira. Pafupi ndi tchalitchi, pansi pa mtengo wa m'bawa, panali apongozi, atatsamira ndodo yawo. Ndinaima. Mkamwini safika pafupi.

"Tabweretsa," anatero.

Amake Tereza anazengereza, kenaka anawapatsa ndi manja awiri. Apongozi anachiika pansi, pa mchenga. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakweza ndodo n'kuchimenya. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu ndodo inathyoka.

Anaima akupuma wefuwefu. Anawerama n'kuchitola, n'kuchisansa mchenga ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anamasula kabotolo kawo ka fodya, n'kukaponya mkati, n'kutseka kaloko.

"Nyamula," anauza mwana wawo. "Tachedwa."